Amuna atatu otsika ndi zingwe

Ku Turf, kamzinda kamene kanakula ndi mgodi wa pulatinamu wa Ngezi, kum'mwera chakum'mawa kwa Kadoma ndi Chegutu, kuli agogo ena aamuna a zaka zoposa 75 amene akusungidwa ndi mdzukulu wawo. Anabadwira m'komboni ya mgodi wa golide wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, masiku amene Kadoma inkatchedwa Gatooma ndipo Chegutu inali Hartley. Bambo awo anachoka ku Dedza atalembedwa ndi Mthandizi, nalonjeza abale kuti abwerako pakatha zaka ziwiri, koma anagona komweko, pakati pa manda a machona anzawo. Agogowa sanapondepo ku Malawi. Chichewa chawo n'cha m'nyumba ya makolo awo, chothiridwa apa ndi apo Chishona ndi Chilapalapa cha pansi pa mgodi. Mdzukulu, mnyamata wokonza makina pa mgodi, amawaitana kuti "agogo", ndipo anansi amaseka, pakuti kwa olankhula Chishona gogo ndi mayi wokalamba, mwamuna ndiye sekuru.

Kwa zaka zambiri agogowa akhala akusimba za filimu imodzi imene anaionera katatu m'holo ya pa mgodi wina wa ku Chakari, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, banja litasamukira kumeneko Cam and Motor itatsekedwa mu 1968. Dzina la filimuyo alibe nalo ntchito; amangoti "ija ya anthu atatu kumanda". Mdzukulu sanavutike kuizindikira. Ndi The Good, the Bad and the Ugly ya Sergio Leone, imene inatuluka ku Italy mu Disembala 1966. Loweruka lina madzulo, magetsi alipo, anaika laputopu pa tebulo, nawakonzera agogo mpando wa ndalema, nati lero abwerere ku unyamata wawo.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Agogo ankaimba likhweru motsatira nyimbo, ankatchula Clint Eastwood kuti Jeki ndi Lee Van Cleef kuti Wakaliwo, ndipo ankadziwiratu nthawi imene chipolopolo chidzadule chingwe cha pakhosi pa Tuco. Kenaka Tuco, atapulumuka m'chipululu ndi kulanda mfuti m'sitolo, analowa m'phanga atanyamula nkhuku, napeza mphika uli pamoto, nayamba kulankhula yekha mokweza za ndalama zoti zigawidwe. Amuna atatu anatsika ndi zingwe kuchokera kumwamba kwa phangalo.

"Taimitsa," anatero agogo. "Ichi mulibe."

"Chilimo, agogo. Si chimenechi mukuchionachi?"

"Chili m'makina akowo. M'filimu mulibe."

"Mwangoiwala. Zaka 50 si masewera."

Agogo sanayankhe msanga. Munthu wokalamba ungamuuze kuti wagontha kapena kuti maso aferatu, adzaseka nawe. Koma kumuuza kuti waiwala chinthu chimene wakhala akuchisimba moyo wake wonse ndi kumulanda katundu. Atakhala chete kanthawi anati, "Bwezera m'mbuyo, ndipo utchere khutu. Nkhopeyo ndi ya mwamuna wa mphamvu zake, koma pakhosi pakulankhula nkhalamba inzanga."

Khutu lawo silinaname. Filimu imene inazungulira maiko olankhula Chingelezi kuyambira mu 1967 inali ya mphindi pafupifupi 161, ndipo chigawo cha m'phanga munalibe. Imene mdzukulu anali nayo ndi ya mphindi pafupifupi 179, imene kampani ya MGM inaitulutsa mu 2003 itabwezeramo zigawo zodulidwa. Popeza zigawozo zinalibe mawu a Chingelezi, Eastwood ndi Eli Wallach anaitanidwa kukalankhulira nkhope zawo za zaka zoposa 35 zapitazo. Wallach, amene anasewera Tuco ali ndi zaka 50, pa nthawiyi anali atapitirira zaka 85. Van Cleef anali atamwalira kale mu 1989, ndipo mawu ake anawalankhula munthu wina womutsanzira. Leone nayenso anamwalira chaka chomwecho cha 1989, choncho panalibe womufunsa. Agogo ndi mdzukulu onse ankanena zoona, koma ankanena za mafilimu awiri a dzina limodzi, ndipo funso linatsala lakuti yeniyeni ndi iti.

Okonda mafilimu amene amakangana nkhani zoterezi m'Chingelezi ali ndi liwu lawo, canon. Linachokera ku Chigiriki, kumene linkatanthauza bango loyezera. Mpingo unalitenga kutchulira mndandanda wa mabuku ovomerezeka a m'Baibulo. Ndipo okonda nkhani za Sherlock Holmes analibwereka mwanthabwala posiyanitsa zimene Arthur Conan Doyle analemba yekha ndi zolemba za omutsanzira. Chichewa chilibe liwu limodzi lofanana nalo. "Chovomerezeka" chimafuna wovomereza. "Chenicheni" chimaneneza chinzake kuti n'chabodza. "Choyambirira" chimangonena za nthawi. Kusowa kwa liwuku si umphawi ayi, chifukwa kumakakamiza wolankhula kusankha chimene akutanthauza, pamene liwu la Chingelezi limabisa matanthauzo atatuwa pansi pa chipewa chimodzi. Mdzukulu ankanena za chovomerezeka, pakuti kampani yokhala ndi umwini ndiyo inatulutsa filimu yaitaliyo. Agogo ankanena za chenicheni.

Ngakhale liwulo palibe, nkhaniyo si yachilendo kwa aliyense wowerenga Baibulo m'chiyankhulochi, kaya ku Nkhoma, ku Katete kapena ku Angónia. Buku Lopatulika la 1922 lili ndi mabuku 66. Malembo Oyera a Akatolika, a 1966, ali ndi ena owonjezera, monga Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo. Anthu a m'mudzi umodzi, omwa madzi a chitsime chimodzi, akhala zaka zambirimbiri wina akudziwa nkhani ya Tobiti ndi nsomba yake, mnzake asanaimvepo, ndipo palibe amene anganenedwe kuti anaiwala. Ngakhale m'mabuku amene onse amavomereza muli zokayikitsa: mavesi 9 mpaka 20 a mutu wotsiriza wa Marko sapezeka m'mipukutu iwiri yakale kwambiri, ya Sinaiticus ndi Vaticanus, koma akhala akuwerengedwa m'matchalitchi kwa zaka mazanamazana. Chimaika malire a mndandanda ndi gulu la anthu ougwiritsa ntchito pamodzi ndi amene ali ndi mphamvu pa gululo. M'mafilimu a masiku ano mphamvuyo ili ndi mwini chuma: mu 2014 kampani ya Lucasfilm inangolengeza kuti mabuku ambirimbiri a Star Wars amene anthu anakula nawo salinso mbali ya nkhani yovomerezeka, ndipo zinatero.

Choncho funso lakuti zigawo zodulidwa ziwerengedwe kapena ayi silingayankhidwe kamodzi, chifukwa malumo ndi osiyana. Pali lumo la wokonza filimu mwini wake, pali la kampani yofuna filimu ifupike kuti ionetsedwe kangapo pa tsiku, ndipo pali la boma. M'filimu ya Leone iyi, zigawo zambiri zimene zinabwezeredwa mu 2003 zinalimo m'filimu imene anthu a ku Italy anaonera, ndipo zinachotsedwa pokonzera misika ya kunja. Cha m'phanga chokha n'chosiyana: chinaonetsedwa pa chionetsero choyamba ku Rome, kenaka chinachotsedwa filimu isanayambe kuzungulira m'nyumba za kanema za ku Italy komweko. Chigawo chimene agogo anachikana ndicho chimene ngakhale anthu a kwawo kwa Leone sanachione m'masiku a moyo wake.

Lumo lachitatu ndilo limene anthu a m'makomboni analidziwa bwino kuposa wina aliyense, ngakhale sankaliona. M'zaka za m'ma 1920, mmishonale wa ku America, Ray Phillips, anayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg mothandizidwa ndi eni migodi, ndipo iye mwini ankayamba waonera filimu iliyonse, nadula chilichonse chimene ankaganiza kuti munthu wakuda sayenera kuchiona. Mwambowu unafalikira kumpoto. Ku Southern Rhodesia ndi ku Northern Rhodesia mafilimu oonetsedwa kwa anthu akuda ankaunikidwa mwapadera: mkazi wachizungu wovala mosadzilemekeza, mzungu womenyedwa ndi munthu wa khungu lina, mbava yoonetsa luso lake, zonsezi zinkagwera pansi. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 nalemba buku la Copper Town, anapeza anthu akuonera mafilimu a makawuboyi mokuwa ndi kulangiza osewera, ndipo ngwazi ya filimu iliyonse ankaitcha Jack, kaya wosewerayo ndi yani. Jeki wa agogo wa ku Turf ndi mbadwa ya Jack ameneyu. Ngakhale m'zaka zotsatira lumolo silinapume. Rhodesia inakhazikitsa lamulo lake lounika zosangalatsa mu 1967, Malawi mu 1968, ndipo amene anakula m'nthawi ya Kamuzu amakumbukira mmene mwamuna ndi mkazi ankayandikizirana milomo pa kanema, kenaka mwadzidzidzi n'kukhala kuti kwacha ndipo akumwa tiyi.

Pa mafilimu a boma panali chinanso. Central African Film Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1948 kuti ikonzere mafilimu anthu a ku Rhodesia ziwiri ndi Nyasaland, inkapanga mafilimu ambiri opanda mawu, ndipo galimoto yoonetsa kanema inkayenda ndi womasulira wolankhula pa chimkuzamawu. Mawu a womasulirayo sanali pa tepi. Filimu imodzi inkakhala ina ku Gatooma, ina ku Fort Jameson, ina ku Dedza, malinga ndi lilime ndi nthabwala za munthu amene wagwira chimkuzamawu usiku umenewo. Agogo anakulira m'bwalo lotere, atakhala pansi pa fumbi kutsogolo kwa nsalu yoyera, pa chimene anzawo a Chishona ankachitcha bhaisikopo. Kwa iwo filimu sinakhalepo chinthu chotsekedwa m'bokosi. Inali ngati nthano ya madzulo, imene wosimba amati "padangokhala", omvera n'kuyankha "tili tonse", ndipo popanda kuyankhako nthanoyo siyenda.

M'mipata imene lumo linasiya, oonera ankathiramo zawo. Apa ndi pamene pali chifukwa chenicheni chimene agogo anakanira phanga lija. M'filimu imene iwo anaonera, Jeki ali m'chipinda cha hotela akupukuta mfuti yake itamasulidwa, kunja asilikali akudutsa ndi phokoso, ndipo amuna atatu osadziwika akukwera masitepe mwakachetechete, tizitsulo ta ku zidendene tikulira. Palibe akudziwa kumene achokera. Holo yonse ya ku Chakari inkaimirira, anthu n'kumakuwa kuti Jeki afulumire, akubwera. Filimu ikatha, pobwerera ku komboni, mkangano unkabuka: ena ankati ndi abale a munthu amene Jeki anamupha kale, ena ankati Tuco anawatola pa mowa. Agogo anali a gulu lachiwirili, ndipo umboni wawo unali wakuti m'komboni iliyonse simusowa amuna atatu oti angaphe munthu chifukwa cha chikho cha masese. Mkangano umenewu anausunga zaka 50. Chigawo cha m'phanga chinabwera kudzautseka ndi yankho limene palibe analipempha, ndiponso chinalanda masitepe aja mantha awo, pakuti munthu amene wamuona kale akutsika pa chingwe ngati nyani saopsanso.

Komabe mdzukulu ali ndi mbali yake, ndipo si yopepuka. Zoona, kudula kwina kumakometsa, koma kwina kumanamiza. Casablanca ya 1942 itafika ku West Germany mu 1952 inali itadulidwa mphindi pafupifupi 25; a Nazi onse anachotsedwamo, ndipo Victor Laszlo, womenyera ufulu wothawa m'ndende zawo, anasandutsidwa katswiri wa sayansi wa ku Norway. Anthu a ku Germany anaonera filimu yathunthu mu 1975. Palibe angaime n'kunena kuti popeza mbadwo wina unakonda yodulidwayo, ndiye kuti a Nazi m'nkhaniyo mulibe. Metropolis ya Fritz Lang, ya 1927, inadulidwa itangotuluka kumene, ndipo kwa zaka 80 anthu ankaonera nkhani yodumphadumpha, mpaka mu 2008 pamene tepi yokalikakalika inapezeka m'nyumba yosungira mafilimu ku Buenos Aires. Mu 2010 mphindi pafupifupi 25 zinabwezeredwa, ndipo zochita za anthu ena m'filimuyo zinayamba kumveka. Kumeneku ndi kubweza katundu wobedwa. Ndipo ngati mafilimu amene anthu a m'makomboni ankaonetsedwa anadulidwa poganiza kuti iwo ndi ana osatha kusiyanitsa chithunzi ndi moyo, kuumirira kuti zodulidwazo ndizo zenizeni kungakhale kuvomereza chipongwecho.

Muyeso wabwino, tsono, ndi kufunsa dzanja limene linagwira lumo ndi chifukwa chake. Chimene boma kapena wamalonda anachotsa mwini filimu asakufuna, chibwerere, ndipo chiwerengedwe. Chimene mwini filimu anachichotsa yekha ataona ntchito yake pamaso pa anthu, chisungidwe pambali monga umboni wa mmene ntchitoyo inakulira, koma chisalowetsedwe m'kati iye atamwalira, ndi mawu a nkhalamba ndi a womutsanzira wakufa, n'kumati iyi ndiyo filimu. Woumba mbiya akachotsa dongo pakamwa pa mbiya, dongolo ndi lake ndithu, koma wolimatanso mbiya itaphikidwa kale waumba china. Cholakwa cha filimu ya 2003 sichinali kubweza zigawo ayi. Chinali chakuti kwa zaka zambiri ndiyo inkapezeka mosavuta, ngakhale kulira kwa mfuti kutasinthidwa, kotero kuti mbadwo wa mdzukulu unakula osadziwa kuti kunali inanso. Mpaka mu 2017 pamene kampani ya Kino Lorber inatulutsa zonse ziwiri pamodzi. Mnyamata wa ku Turf analibe njira yodziwira kuti agogo ake sanaiwale.

Nkhani ya kudulidwa agogowa amaidziwanso mwa njira ina, ngakhale saikonda kuikamba. Lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti aliyense amene kholo lake linabadwira kunja akane unzika wa dziko limenelo m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anthu ambiri a m'migodi ndi m'mafamu, ana a anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anapezeka ali alendo m'dziko limene anabadwiramo, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anawabwezera, ndiponso anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pa mndandandawo ndicho chimayamba kutchulidwa. Agogo amangoti pa zaka 12 zimenezo sanapite kulikonse. Ankadzuka, kudya nsima imene anansi amati sadza, n'kugona, pa malo omwewo. Mwina n'chifukwa chake mawu akuti "chilimo" ndi "mulibe", akachokera kwa eni mapepala, sawagwedeza kwenikweni.

Usiku womwewo mkangano utazirala, filimu inapitirira, ndipo panafika chigawo china chimene agogo sanachionepo. Wakaliwo akufika pa linga logumuka la asilikali a kum'mwera, m'kati mwa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America. M'katimo mwadzaza ovulala, ena opanda miyendo, ena ongoyang'ana kumwamba, ndipo kamera ikuwazungulira pang'onopang'ono. Msilikali wina, atapatsidwa botolo, akumuuza kuti munthu amene akumufunayo ngati ali moyo ndiye kuti ali ku msasa wa akaidi a nkhondo. Chigawochi n'chimodzi mwa zija zimene anthu a ku Italy anaonera koma a kunja anamanidwa, ndipo ndicho chimafotokoza mmene Wakaliwo akudzapezekera ku msasawo atavala yunifolomu, chinthu chimene holo ya ku Chakari inkangochilandira ngati ufiti wa munthu woipa.

Mdzukulu anayang'ana agogo, kudikira kuti amuuzenso kuti aimitse. Iwo anali atawerama, manja ali pa ndodo. Chigawocho chitatha anati chawakumbutsa chipinda cha kuchipatala cha pa mgodi kumene bambo awo anagonekedwa chifuwa cha fumbi chitawagwira, mabedi ali m'mizere, amuna a ku Dedza, a ku Tete ndi a ku Petauke akutsokomola mosinthana usiku wonse.

"Ichinso munalibe," anatero.

"Ndichidumphe ulendo wina?"

"Chisiye."

Patatha sabata ziwiri mnyamatayo anapeza filimu yaifupi ija kwa mnzake wa ku Chegutu, nabwera nayo pa fulashi monga mphatso, kapena monga kupepesa kumene sanathe kukunena pakamwa. Agogo anaionera yonse mokondwa, nakuwa pa masitepe monga kale, koma itatha anafunsa kuti linga la ovulala lija lapita kuti. Kuyambira pamenepo amaonera yaitali. Tuco akangotuluka m'sitolo ya mfuti, iwo amatenga ndodo, nati akukaona ngati khola la nkhuku latsekedwa, ndipo mdzukulu saimitsa filimu. Amabwerera pakatha mphindi zitatu kapena zinayi, n'kukhala pa mpando wawo, Jeki ali kale m'chipinda cha hotela akupukuta mfuti, ndipo amafunsa mdzukulu kuti kodi anthu atatu akukwera masitepewo ndi ayani.